Asilikali Amtovu M'kabati ya Thundu

Berekvár
11 Malichi 2019

Okondedwa achemwali anga a Jolán,

Kalata yanu ya pa 17 Febuluwale ndinailandira Lachiwiri lapitali, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndathokoza kumva kuti bondo lanu layamba kukulolani kukwera masitepe a kunyumba kwa mwana wanu Ilka, ndiponso kuti kuzizira kwa ku Canada chaka chino sikunakugonekeni pabedi monga kunachitira chaka chatha. Ine kuno ndilipo. Adokotala andiwonjezera mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo diso lamanzere layamba kuchita ng'ala, koma ndikudziphikirabe ndekha. Manda a bambo ndi a mayi ndinakawalambula chisanu chitangosungunuka. Manda a alamu anga a Vendel nawonso ndinawalambula, monga ndichitira chaka ndi chaka. Musaganize kuti ndimawalumpha.

Mwalemba kuti mukubwera pa 20 Meyi ndi mdzukulu wanu Panni, kuti mtsikanayo adzaone ndi maso ake "Nkhondo ya agogo ake aamuna" ku Nyumba ya Chikhalidwe. Mwandipemphanso kuti ndikauze oyang'anira nyumbayo apukute galasi la kabati. Achemwali, galasilo ndi loyera. Chimene chili kuseri kwa galasiko ndicho chandichititsa kutenga cholembera m'malo moimba foni, chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna ndiinene kuchokera kumutu mpaka kumchira popanda wondiuza kuti, "Ambrus, zakale zimenezo." Ndikukupemphani kuti muwerenge mpaka kumapeto musanagule tikiti ya ndege.

Mukukumbukira mmene ntchito ija inayambira, koma mumaikumbukira monga mkazi wa a Vendel. Ndiloleni ndikukumbutseni monga munthu amene anagwira burashi.

Munali mu 1989 pamene amuna anu, ali mphunzitsi wa mbiri yakale, anabwera kwanga ndi pepala lojambulapo linga la tauni yathu, tsiku limene asilikali a Sulutani wa ku Turkey analizinga m'nthawi ya makolo athu. Iwo anamanga phiri ndi pulasitala, anasema makoma a linga, anakumba mtsinje ndi kuika mlatho wake. Ntchito imeneyo inawatengera miyezi isanu, ndipo ndikuvomereza kuti anaigwira bwino. Ine sindimana munthu chake. Koma phiri lopanda anthu si nkhondo. Anthuwo analipo 1,140, aliyense wosapitirira chala chaching'ono kutalika kwake, ndipo aliyense ndinamuumba ndekha, kusungunula mtovu pambaula ya m'khitchini mwanga, kuuthira m'chikombole, kupala m'mbali ndi tupa, kenaka kupenta. Ndinkaweruka kufakitale ya nkhaka zam'mabotolo nthawi ya 2 koloko masana, n'kukhala pawindo mpaka kuwala kwa dzuwa kutachepa, chifukwa nyali yamagetsi imanama pa mitundu. Ndinapita kulikulu kasanu ndi kawiri kukafufuza m'mabuku akale kuti malaya a okwera pamahatchi anali ofiira motani, ndi kuti nduwira za adani zinkakulungidwa kangati. Maso ndinkawapenta ndi burashi ya tsitsi zitatu. Pansi pa kamwendo kalikonse, pa kachitsulo koimikirapo, ndinakanda zilembo A.B., monga uli mwambo wa opentafe. Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Munkandifunsa masiku amenewo chifukwa chimene sindikwatirira. Tsopano mwamva.

A Vendel nawo anapentako. Anatenga amayi makumi anayi, aja oimirira pakhoma ndi miphika ya phula lotentha, nati amenewo ndi awo. Anawamata penti wochindikala, nkhope zonse zofanana ngati ana a mayi mmodzi, ndipo pomaliza anawaviika mu vanishi yopakira mabwato imene inatsala kwa mnzawo wina.

Ndinati, "Alamu, amayi anuwa akuoneka ngati agwera mu uchi."

Iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu adzaonera patali, mlamu. Ndani adzawerenge nsidze za msilikali?"

"Ine," ndinatero.

"Ndiye iweyo uzidzabwera ndi galasi lako lokulitsira zinthu, enafe tidzabwera ndi maso amene Mulungu anatipatsa."

Zimenezo sindinazisunge kukhosi. Chimene ndinasunga ndi cha Lamulungu la pa 13 Ogasiti 1995, patebulo lanu. Munaphika msuzi wa nyama ndi paprika. Tisanayambe kudya, a Vendel anatulutsa pepala m'thumba, naliyala pafupi ndi mbale yanga, ali mwee, kuti ndione mawu amene adzalembedwe pachikwangwani chamkuwa. Mawuwo ndingathe kuwanena ngakhale mutandidzutsa kutulo: "Inapangidwa ndi mphunzitsi Vendel Csorba ndi anzake."

Ndinafunsa kuti, "Anzakewo ndi ndani?"

"Ndiwe, mlamu, nanga n'kukhalanso ndani? Ndi Dezső, amene anatinyamulira pulasitala pabasi yake."

"Ndiye kuti ine ndi Dezső tili m'thumba limodzi."

"Akhonsolo ndiwo alemba, si ine ayi. Mkuwawo ndi waung'ono, mayina onse sangakwanepo. Asa, usatupe ngati chule pa nkhani ya zilembo!"

Pamenepo inu munandigwira paphewa, n'kunena kuti, "Ambrus, idya msuzi usanazizire. Aliyense m'tauni muno akudziwa kuti wapenta ndiwe."

Ndinadya msuziwo. Unali wabwino.

Masana omwewo munanditengera kushedi kuseri kwa nyumba, n'kuvundukula lona. Pansi pake panali matabwa a thundu amene bambo athu anasunga kuti adzapangire migolo ya vinyo, koma imfa inawatsogolera. Anali atauma zaka makumi atatu. Munati mukufuna kabati yosungiramo Nkhondoyo ipangidwe ndi matabwa amenewo, kuti dzanja la bambo likhalemonso m'ntchito ya amuna anu. Kenaka munandifunsa funso, ndipo ndikulilemba monga munalinenera: "Iwe ndiwe wodziwa za mankhwala. Matabwawa ndi abwino kusungiramo tianthu takoto?"

Ndinagogoda thabwa limodzi ndi chala. Ndinalinunkhiza. Ndinati, "Ndi matabwa abwino, achemwali. Ngati awa kulibenso."

Achemwali, thundu ndi mdani wa mtovu. Thabwa la thundu, ngakhale litauma zaka zana, limapuma mpweya wowawasa wofanana ndi wa viniga. Mpweya umenewo ukatsekeredwa pamodzi ndi mtovu, umaloŵa pansi pa penti n'kuyamba kudya chitsulocho pang'onopang'ono mpaka chisanduke ufa woyera. Opentafe timati ndi khate la mtovu. Aliyense amene anakhalitsa pantchito imeneyi amadziŵa kuti asilikali sasungidwa mu thundu. A Vendel sankadziŵa, chifukwa iwo anali munthu wa madeti ndi mayina a mafumu. Inu simukanadziŵa. Koma ine ndinakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda choyezera cha fakitale ndikuyeza kuwawasa kwa viniga m'mabotolo a nkhaka. Mphuno yanga inamva fungolo lona lisanafike pansi.

Ndisakubisireni china. Kalipentala atamaliza kabatiyo, ndine amene ndinalangiza kuti mipata yonse imatidwe kuti fumbi lisaloŵe. Ndinamata ndekha ndi manja anga, m'mbali zonse zinayi za galasi, mosamala monga ndichitira chilichonse. A Vendel anandithokoza pamaso pa anthu tsiku lotsegulira, nati, "Mlamu wangayu, ngakhale nyerere singadutse pamene wamata."

Sindikufuna muganize kuti ndinafuna kupha ntchitoyo. Ndinaŵerengera kuti pakatha zaka zitatu mawanga oyera adzayamba kuoneka, a Vendel adzathamangira kwa ine mtima uli m'mwamba, ndipo ine ndidzati, "Ndingathe kuwapulumutsa, alamu. Titsegule kabati, tisinthe matabwa, tisinthenso chikwangwani." Pa nthawi imeneyo zonse zikanachiritsika ndi burashi ndi mankhwala pang'ono. Ndinkafuna abwere kudzandipempha. Ndinkafuna amve m'kamwa mwawo momwe kuti popanda ine ali ndi phiri la pulasitala chabe.

Koma ndinaphonya kuŵerengera kwanga. Banga loyamba linaoneka mu Novembala 1999, pa mwendo wakumbuyo wa hatchi yotuŵa pafupi ndi mlatho. Ndikudziŵa tsiku lake chifukwa ndinkapita ku Nyumba ya Chikhalidwe Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndi kabuku, ndi galasi langa lija, n'kumalemba msilikali aliyense amene wagwidwa, malo ake ndi kukula kwa banga lake. Alonda a nyumbayo ankanditamanda kuti palibe munthu wokonda Nkhondoyo ngati ine, mpaka anandipatsa kiyi wanga wa chipindacho. A Vendel ankabwera ndi ana asukulu kaŵiri pachaka, n'kuima patali ndi ndodo yawo yolozera, akufotokoza za ngwazi za makolo. Sanaone kanthu. Tsiku lina mu 2004 ndinawakokera pafupi ndi galasi, n'kuwaloza woimba ng'oma amene nkhope yake inali itayera mbali imodzi.

"Mukuona chiyani apo, alamu?"

Anasuzumira, nati, "Fumbi. Kapena wakalamba ngati ife. Tiye tikamwe kofi, mlamu, pano pakuzizira."

Ndikanatha kunena pamenepo. Ndinaganiza kuti ndidikire chaka china, kuti aone okha.

Za mu 2008 mukuzidziŵa kuposa ine. Tsiku lija munatuluka m'chipinda cha kuchipatala kukalankhula ndi namwino, tinatsala aŵiri kwa mphindi makumi aŵiri. A Vendel anali ataonda mpaka mphete inkavuka yokha pachala. Anandikodola, nati, "Mlamu, uziwayang'anira anyamata athu aja."

Ndinati, "Ndimawayang'anira mwezi uliwonse."

"Ndikudziŵa. Iwe ndiwe munthu wokhulupirika. Wovuta ngati nsapato yatsopano, koma wokhulupirika."

Ndinadikira. Anali ndi mphindi zokwanira kutchula chikwangwani chija. Mawu aŵiri okha akanakwana, ndipo ndikulumbira kuti m'maŵa mwake ndikanakatsegula kabatiyo. Iwo anayamba kukamba za mpira. Kenaka inu munaloŵa ndi madzi akumwa.

Pamaliro awo a meya anatchula Nkhondoyo kanayi, ndipo abusa anati malemuwo anapatsa tauni yathu nkhope za makolo ake. Nkhope zimenezo ndinazipenta ine, imodziimodzi. Ndinaima kumbuyo kwanu nditagwira ambulera yanu. Pambuyo pake ndinaganizapo zotsegula kabatiyo mwakachetechete, koma kuitsegula kunafuna chilolezo, chilolezo chinafuna chifukwa, ndipo chifukwa chikanabala funso lakuti ndinadziŵa liti. Inu munasamukira kwa Ilka. Ine ndinapitiriza kulemba m'kabuku. Timabukuto tinakwana tisanu ndi tinayi.

Tsopano ndafika pa za chaka chino.

Nyumba ya Chikhalidwe ili ndi mkulu watsopano, Mayi Réka Pallagi, mdzukulu wa a Pallagi aja ankagulitsa uchi pamsika. Ndi mayi wachichepere, wa maso akuthwa. Mu Januwale anandiimbira foni kuti wonyamula mbendera wa pamwamba pa chipata wagwa yekha, popanda womukhudza, ndipo miyendo yake yatsala chiimire. Anaitanitsa katswiri wa zinthu zakale kuchokera kulikulu, ndipo pa 5 Febuluwale tinatsegula kabatiyo. Tinalipo anayi: mayiyo, katswiriyo, ine, ndi Dezső, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi ndipo tsopano ndi wapampando wa kalabu yathu ya openta, ngakhale kuti dzanja lake silinajambulepo mzere woongoka.

Galasi litangotukulidwa, fungo linatiwomba kumaso. Dezső anagwira mphuno.

"Aa, a Dokotala a Nkhaka! Munaiŵala botolo lanu m'menemu eti?"

Palibe anaseka. Katswiriyo anavala magolovesi, natola wokwera pahatchi mmodzi ndi kachitsulo kopanira. Penti anali akali pamwamba ngati chikhungwa cha dzira, malaya ofiira bwinobwino, koma atangomutukula anaphwanyika, n'kutsala kaufa koyera pagolovesi. Ameneyo ndinamupenta mu Epulo 1992. Ndinathera masiku anayi pa chishango chake chokha.

Tinagwira ntchito masiku asanu ndi anayi, kutola mmodzimmodzi ndi kuika m'timabokosi tokhala ndi thonje. Ine ndiye ndinkatchula kuti uyu anali ndani ndipo anaima pati, chifukwa palibe wina akanatha. Mwa anga 1,100, otha kuimabe okha atsala khumi ndi asanu ndi aŵiri, ena opanda mikono. Penti wanga anali wopyapyala kuti makwinya a malaya azioneka, ndipo mpweya unadutsamo ngati madzi m'nsalu.

Amayi makumi anayi a a Vendel ali bwino onse. Palibe ngakhale mmodzi wa banga. Katswiriyo anatembenuza mmodzi m'manja, nati vanishi yochindikalayo inatsekera mtovu ngati botolo lomata, kotero kuti mpweya sunapeze poloŵera. Anati amene anachita zimenezo, kaya anadziŵa kaya sanadziŵe, anawapulumutsa.

Dezső anamenya ntchafu. "Mwamva, a Dokotala a Nkhaka? Amayi a mu uchi aja akuika m'manda anyamata anu onse!"

Kenaka katswiriyo anagogoda thabwa la kabati, nafunsa kuti ndani anasankha thundu, popeza ngakhale wongoyamba kumene amachenjezedwa za ilo. Dezső ndiye anayankha, ine ndisanatsegule pakamwa.

"Malemu Csorba ndi akazi awo. Ankanyadira kuti ndi matabwa a apongozi. Aphunzitsi aja ankadziŵa tsiku limene mfumu iliyonse inayetsemula, koma za mtovu, mbuli yeniyeni. Mzimu wawo uuse mumtendere, komabe mbuli."

Ine ndinapitiriza kuika thonje m'bokosi.

Patapita sabata, Mayi Pallagi anabwera kunyumba kwanga masana, atanyamula keke ndi envulopu. Anakhala pampando wa pawindo uja, n'kutsanulira patebulo tizitsulo toimikirapo asilikali, todzaza dzanja. Miyendo inali itatha, koma zilembo zinali kuoneka pa kalikonse.

Anati, "Bambo Bodnár, ndaŵerenga tizitsulo toposa mazana asanu ndi atatu, ndipo tonse talembedwa A.B. Tauni ino inakulakwirani. Bwanji simunanene zaka zonsezi?"

Ndinati, "Sindinafunsidwe."

Anandiuza zimene anakonza. Zithunzi zakale za Nkhondoyo zikulitsidwa n'kupachikidwa pakhoma, otsalawo aikidwa m'kabati yachitsulo, ndipo pakhomedwa chikwangwani chatsopano cholembedwa kuti asilikali onse anawaumba ndi kuwapenta Ambrus Bodnár. Anati atamva m'tauni kuti mukubwera mu Meyi, anaganiza zoti mwambo wake udzachitike inu mulipo, kuti banja lonse lidzasangalale. M'envulopumo munalinso lipoti lopita kukhonsolo lofotokoza chimene chinachitika, ndipo anafuna kuti ndisaine monga mboni yaikulu. Chiganizo chake chachitatu chinali chakuti kuwonongekaku kunadza chifukwa cha matabwa amene malemu Csorba ndi banja lawo anasankha mosadziŵa, popanda kufunsa odziŵa.

Mapepala amenewo anakhala patebulo langa masiku anayi. Sindikunamizani, la chikwangwanilo ndinaliŵerenga kosaŵerengeka. Ndinaliimika pakabati ya mbale kuti ndizilionera patali, monga adzalionera anthu. Dzina langa linakwanapo bwinobwino, ndi malo otsala. Zaka makumi aŵiri ndi zinayi ndinadikira mzere umenewo, ndipo unabwera wokha, ndi keke yomwe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti chinandiletsa kusaina ndi chifundo, kapena kuopa Mulungu. Mukundidziŵa, simungakhulupirire. Chinandiletsa ndi chakuti chiganizo chachitatu chija chinali cholakwa. Zaka zanga zonse kufakitale sindinasainepo pepala la muyeso wabodza, ngakhale pamene akuluakulu ankandiopseza kuti katundu achedwa. "Popanda kufunsa odziŵa" linali bodza. Wodziŵa anafunsidwa, m'shedi, pa 13 Ogasiti 1995. Ndipo "banja lawo" ndinu, achemwali. Pepalalo likanasungidwa kukhonsolo mpaka kale, likunena kuti inu ndi mphatso yanu ndinu munapha ntchito ya amuna anu, ndipo inu mukanakhala pampando wakutsogolo mu Meyi, mukundiombera m'manja.

Lachinayi ndinavala jekete, ndinaika timabuku tonse tisanu ndi tinayi m'chikwama, n'kupita ku ofesi ya Mayi Pallagi. Ndinaika lipoti losasainalo patebulo, timabukuto pamwamba pake, ndipo ndinawauza zimene ndakuuzani m'kalata muno, mwachidule. Anatsegula kabuku koyamba, kenaka kachisanu, kenaka komaliza. Anaŵerenga mokweza mzere umodzi: "Julaye 2013, woponya mivi wachitatu kumanzere kwa chipata, dzanja lamanja lagwa." Anavula magalasi.

"Bambo Bodnár, mukundiuza kuti munkabwera mwezi uliwonse kudzaonerera akufa?"

"Kudzalemba," ndinatero.

"Zaka makumi aŵiri?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi miyezi itatu."

"Anali anu omwe, bambo inu! Anali anu omwe!"

"Chikwangwani sichinkatero."

Anandiyang'ana nthaŵi yaitali, monga ayang'anira munthu chinthu chimene wachipeza pansi pa mwala. Kenaka anatambasula dzanja, nati, "Kiyi wa chipinda chija, chonde." Ndinamuchotsa pamkombero wa makiyi anga, ndinamupereka. Anati lipotilo alilembanso, ndipo dzina langa likhalamo m'malo ake oyenera. Za chikwangwani chatsopano sanatchulenso, ndipo inenso sindinafunse.

Tauni yathu mukuidziŵa, nkhani imafika kumsika mwini wake asanafike kunyumba. Loweruka ndinakumana ndi Dezső pakhomo la sitolo ya buledi. Kwa nthaŵi yoyamba m'zaka makumi anayi sanandiitane dzina lachipongwe lija. Anati, "Ambrus, ine ndinkayesa ndiwe wouma mtima chabe. Ndinatukwana munthu wakufa iwe uli pomwepo, ukupinda thonje, osatsokomola n'komwe. Kukalabu usabwerenso." Anandipatsa njira kuti ndidutse, ngati kuti ndanyamula chonyansa. Mayi wogulitsa buledi anandiikira chenji pakauntala m'malo moika m'dzanja.

Tsono chimene Panni angadzaone ndi ichi: khoma la linga, amayi makumi anayi onyezimira ataima pamwamba pake ndi miphika yawo, ndipo pansi pake phiri lopanda munthu, popeza anga otsala aja akali m'timabokosi. Chikwangwani chakale chikhala pomwe chinali. Mungathe kumuuza mwanayo mosanama kuti aliyense amene akumuona pakhomapo anapentedwa ndi agogo ake. Matabwa a bambo achotsedwa, ndipo Mayi Pallagi akufuna kudziŵa kwa inu, osati kwa ine, kumene angawapititse. Adiresi yawo ndailemba kuseri kwa tsamba lino.

Sindibweza mawu anga pa za chikwangwani. A Vendel anandilakwira, anadziŵa kuti andilakwira, ndipo anasankha kuseka. Zimenezo ndidzapita nazo kumanda, ndipo ngati kumeneko kuli kukumana, ndidzawafunsabe. Koma inu simunalembe chikwangwani. Inu munandilera mayi atamwalira, munandisokera yunifolomu yanga yoyamba, ndipo tsiku lija munandifunsa funso loona ndi mtima woyera, chifukwa simunkaganiza kuti mlongo wanu angakuyankheni china. Pa a Vendel ndili ndi mlandu woti ndinganene. Pa inu ndafufuza masiku onsewa, monga ndifufuzira chilichonse, ndipo sindinapeze chonena ngakhale chimodzi.

Mupereke moni kwa Ilka ndi amuna ake. Kalatayi mungathe kuwaonetsa, kapena ayi, monga muona. Panni mumuuze kuti agogo ake ena a ku Berekvár amva kuti amakonda kujambula, ndipo ali ndi maburashi abwino amene sakuwagwiritsanso ntchito. Ngati simufuna kuti alandire kanthu kuchokera m'manja mwanga, musamuuze.

Chipinda chaching'ono ndachipaka laimu, ndipo ndagula bulangeti latsopano, chifukwa mu Meyi kuno kumazizirabe m'mamaŵa. Mukasankha kukagona kunyumba ya alendo ya pafupi ndi tchalitchi, sindidzafunsa chifukwa. Mukasankha kusabwera konse, uzani Ilka andilembere mzere umodzi. Mukapanda kuyankha, pa 20 Meyi ndidzakhala pasiteshoni poyembekezera sitima ya masana. Ndidzaima kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpope wa madzi, kutali ndi chipata chotulukira, kuti mukafuna kudutsa osandiona mudzathe kutero popanda kukhotetsa khosi.

Mulungu akusungeni, achemwali.

Ndine mlongo wanu, ngati mukali kulola,

Ambrus